Si mbalame iliyonse ya mlomo wangowe imene imaba anapiye

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu za mbalame zolusa zimene tikuzipha mwachisawawa kuno ku Salima chifukwa chosadziwa kuzisiyanitsa. Mwezi wa Okutobala wapitawu, ndikuchokera ku Kamuzu Road masana dzuwa likuswa mtengo, ndinakumana ndi anyamata atatu atanyamula mbalame imene anali atangoigenda ndi legeni pa waya wa magetsi. Nditawafunsa chimene inalakwa, anandiyankha mokondwa kuti apha kabawi amene wakhala akumaliza anapiye a agogo awo. Ndinaitenga m'manja idakali yofunda. Inali yoyera kumimba, yotuwa kumsana, ya mapewa akuda bii, ndipo maso ake anali ofiira ngati khala la moto. Mtima unandiwawa kwambiri, chifukwa mbalame ya mtundu umenewu chakudya chake chachikulu ndi mbewa ndi makoswe, adani omwe amatigwetsa mphwayi m'minda ndi m'nkhokwe chaka ndi chaka.

Anyamatawo sindinawakalipire, popeza iwo anachita zimene ife akuluakulu tinawaphunzitsa. Masiku ano mbalame iliyonse ya mlomo wangowe ndi zikhadabo zakuthwa timangoitcha kabawi kapena mphamba, ndipo dzinalo likangotchulidwa mlandu watha, chigamulo chake ndi imfa. Ndinawatengera pansi pa mtengo wa magetsi umene mbalameyo inkakonda kutera, n'kuwatolera timibulu touma timene mbalame zotere zimalavula zikatha kudya. Titaswa kamodzi ndi kamtengo tinapeza ubweya wotuwa wokhawokha ndi kachibwano kokhala ndi mano awiri akutsogolo a mbewa. Nthenga ya mwanapiye munalibemo ngakhale imodzi. Mmodzi wa anyamatawo anangoti kukamwa yasa, ndipo anandifunsa funso limene landichititsa kulemba kalata ino: nanga wakuba weniweniyo tingamudziwe bwanji?

Yankho lake lili kumchira, kumapiko ndi m'kaulukidwe, ndipo silifuna makina oonera patali. Mbalame imene kawirikawiri imatsomphola anapiye poyera m'mabwalo mwathu ndi yofiirira moderapo thupi lonse, mlomo wake ndi wachikasu, mapiko ake ndi aatali moti ikawatambasula amafika pafupifupi mita imodzi ndi theka, ndipo mchira wake ndi wamphanda. Ikamauluka siikupiza mapiko pafupipafupi. Imangolenjekeka mumphepo n'kumapotokola mchirawo uku ndi uku ngati mmene mpalasi amawongolera bwato ndi nkhafi. Aliyense amene anaimapo pa doko la asodzi ku Senga Bay kapena ku Chipoka m'mawa anaiona ikuzungulira pamwamba pa thandala la usipa, kenako n'kutsika mwadzidzidzi kudzatola matumbo a nsomba pamchenga. Mbalame imeneyi imachuluka kuno kuyambira nyengo ya chilimwe mpaka chakumapeto kwa dzinja, kenako yambiri imabwerera kumpoto, kumaiko ena a mu Africa momwemuno. N'chifukwa chake amayi oweta nkhuku amadandaula kwambiri m'miyezi yotentha, pamene udzu wapsa, tchire latenthedwa, ndipo anapiye alibe pobisala. Komabe ngakhale wakubayu ali ndi ntchito yake, pakuti ndi yemweyo amene amatichotsera zakufa mumsewu wa M5 ndi zotayidwa za m'misika.

Mbalame imene anapha anyamata aja kaulukidwe kake ndi kosiyana kotheratu. Imaima malo amodzi m'malere, mapiko akugwedera, mutu uli zyoli kuyang'ana pansi, kenako imatsika miyendo ili patsogolo n'kugwera mu udzu. Ikatera pa waya imakonda kukweza ndi kutsitsa mchira wake waufupi. Mlimi wa mpunga ku Lifuwu akaiona ikuchita zimenezi pamwamba pa munda wake ayenera kuthokoza, chifukwa wapeza mlonda wosafuna malipiro. Pali inanso yotuwa, yojintcha, ya miyendo yofiira, imene imakhala duu pa nthambi kapena pa mtengo wa magetsi kwa nthawi yaitali; mukaiyandikira mudzaona kuti pakhosi pake poyera pali kamzere kakuda kotsika pakatikati. Imeneyo imadya abuluzi, ziwala ndi tinjoka. Ndipo amene amakhala pafupi ndi migwalangwa anaonapo ina yaikulu, yotuwa, ya nkhope yopanda nthenga yachikasu imene imafiira mbalameyo ikatekeseka. Imakakamira pa thunthu la mtengo mapiko ali tambalale, n'kumapisa mwendo wake wautali m'mphako ndi m'zisa zolendewera.

Kunena chilungamo, pali gulu lina limene nalonso limagwira anapiye ndi nkhunda, ndipo ndi limene limavuta kuliona. Izi ndi mbalame za mapiko aafupi obulungira ndi mchira wautali wamizeremizere, zimene zimabisala m'masamba a mango kapena a nimu n'kutulukira ngati muvi. Mwininkhuku amangomva thadzi likulira, anapiye ali balalabalala, wakubayo atapita kale. Akakweza maso n'kuona mbalame ina yosalakwa ili pa waya, mkwiyo wonse umathera pa iyo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa nkhani imeneyi kudekha kwake ndi kwa mphindi zochepa chabe: yang'anani mchira ngati uli wamphanda kapena wautali, yang'anani mapiko ngati ali osongoka kapena obulungira, ndipo onani ngati mbalameyo ikusaka poyera kapena mobisala.

Tisaganize kuti kukhala ndi mbalame zolusa pakati pa nyumba za anthu ndi vuto la ife tokha. Mumzinda wa Tucson, m'chigawo cha Arizona ku America, umene unamangidwa m'chipululu cha Sonoran, mbalame zoterezi zinalowa m'makomo chifukwa anthu anadzala mitengo, anabweretsa madzi, ndipo njiwa zinachuluka. Kumeneko anthu wamba amaphunzira kusiyanitsa mitundu yake ali pakhonde. Mtundu umene amautcha Harris's hawk amauzindikira ndi thupi lake loderapo, mapewa ndi ntchafu zofiirira, ndi kuyera kwa patsinde ndi kunsonga kwa mchira. Chodabwitsa chake n'chakuti umasaka pagulu ngati banja, ina ikuvumbulutsa kalulu m'chitsamba pamene inzake ikudikirira. Mtundu wina wotchedwa Cooper's hawk, umene ndi wa mapiko aafupi ndi mchira wautali ngati akuba obisala athu aja, umamanga zisa m'mitengo italiitali ya m'tauni, kuphatikizapo bulugamu yemweyu amene tili naye kuno. Akatswiri a pa University of Arizona anapeza kuti ana ambiri a mtundu umenewu ankafera m'zisa ndi matenda a zilonda zapakhosi ochokera ku njiwa zimene makolo awo ankawadyetsa, ndipo zinadziwikanso kuti mbalame za mtundu woyamba uja zinkafa ndi magetsi zikatera pa mitengo ya mawaya, zimene zinachititsa kuti malo oopsa pa mitengoyo ayambe kuphimbidwa. Zonsezi zinatheka chifukwa panali anthu odziwa kunena kuti mbalame yafa apayi ndi ya mtundu wakuti.

Chimene chimandiopsa kuposa legeni ndi chiphe. Pali anthu ena amene amathira tameki kapena mankhwala a makoswe pa mwanapiye wakufa n'kumusiya pabwalo kuti kabawi adye. Nyambo yotere siisankha: imapha khwangwala, galu wa mnansi, mphaka, ndipo ikhoza kufika m'manja mwa mwana wokwawa. Makoswe amene adya mankhwala amayenda mwaulesi poyera asanafe, mbalame zimene zimatithandiza zija n'kuwatola, nazonso n'kufa. Tikatero tachotsa mlonda, ndipo chaka chotsatira timagula mankhwala ochuluka kuposa kale. Njira ya makolo athu yovundikira anapiye m'dengu kapena kuwatsekera m'kakhola masabata oyambirira, ndi kusiya zitsamba zingapo pabwalo zoti azithawiramo, imapulumutsa anapiye ambiri popanda kupha kanthu.

Dziko lathu lili ndi mitundu ya mbalame yoposa 600, ndipo nkhwazi tinailemekeza mpaka kuiika pa chizindikiro cha boma. Mwana aliyense wa m'mbali mwa nyanja amaidziwa ndi mutu wake woyera ndi kulira kwake, ndipo palibe amene angaisokoneze ndi khwangwala. Ngati tinatha kuphunzitsa ana mbalame imodzi imeneyi, sitingalephere kuwaphunzitsa zina zisanu zimene amaziona tsiku lililonse popita kusukulu. Alendo amalipira ndalama kudzaona mbalame kumalo osungirako nyama zakutchire a Kuti konkuno ndi kunkhalango ya Nkhotakota, imene bungwe la African Parks lakhala likuyang'anira kuyambira 2015, pamene ana athu akugenda mbalame zomwezo kuseri kwa mpanda.

Choncho pempho langa kwa inu, a Mkonzi, n'lakuti mupatule kadanga m'nyuzipepala yanu, ngakhale kamodzi pamwezi, kosindikizapo chithunzi cha mbalame yolusa imodzi ili pa nthambi ndiponso ikuuluka, pamodzi ndi zimene imadya. Mupemphenso owerenga achikulire a ku Salima, Nkhotakota ndi maboma ena kuti atumize maina amene mbalameyo imadziwika nawo kwawo, chifukwa maina ngati kamtema, mphungu ndi chiombankhanga ana ambiri amangowamva osadziwa mwini wake. Makalabu a zachilengedwe a m'sukulu, amene bungwe la Wildlife and Environmental Society of Malawi limagwira nawo ntchito, akhoza kumadula masamba amenewo n'kumawamata m'makalasi. Ine ndayamba kale ndi anyamata atatu aja: Loweruka lililonse m'mawa timayenda m'mphepete mwa njanji ndi kope limodzi, ndipo amene waona mbalame amayamba wajambula mchira wake asanatchule dzina.

Ine wanu,
Woweta nkhuku wodandaula,
Salima