Asilikali opuma ndi achinyamata apatsidwe ntchito ya m'nkhalango, koma ayambe aphunzitsidwa

Akonzi,

Tiloleni tiikepo mlomo pa nkhani ya chitetezo cha nkhalango za boma. Asilikali a Malawi Defence Force akhala akutumizidwa kukalondera ku Dzalanyama ndi ku Viphya, ndipo mu 2022 boma linakhazikitsa National Youth Service ku Neno. Ife tikuona kuti magulu awiri a anthu amene akungokhala, achinyamata osowa ntchito ndi asilikali opuma, angathe kupulumutsa nkhalangozi atagwira ntchito limodzi. Chotidetsa nkhawa n'chakuti ambiri akamva nkhaniyi amangoganiza za mfuti ndi za tsiku la mwambo wodzala mitengo. Ntchito yeniyeni ya m'nkhalango imagwiridwa kuyambira Meyi kufika Novembala, ndipo imafuna khasu, chikwanje ndi munthu wophunzitsidwa bwino.

Ku America anayesa zimenezi kalekale. Mu 1933, chuma chitasokonekera, Pulezidenti Franklin D. Roosevelt anakhazikitsa Civilian Conservation Corps, gulu lopatsa anyamata osowa ntchito ntchito yosamala nkhalango ndi nthaka. Pofika 1942 pamene inatsekedwa, anyamata pafupifupi 3 miliyoni anali atadutsamo ndipo anadzala mitengo pafupifupi 3 biliyoni. Aliyense ankalandira madola 30 pamwezi, koma 25 ankatumizidwa kwa makolo ake kumudzi. Asilikali amene anamenya nkhondo yoyamba ya dziko lonse analoledwanso kulowa, ndipo anali ndi makampu awoawo. Kagawidwe ka ntchito ndi kamene tiyenera kukaonetsetsa. Kampu iliyonse inali ndi anthu pafupifupi 200, ndipo a zausilikali ankayang'anira chakudya, malo ogona, zovala ndi mwambo wa pakampu. Kukacha, anyamatawo ankapita m'manja mwa akatswiri a zankhalango ndi a zanthaka, amene ankasankha poti padulidwe, poti padzalidwe ndi poti pakumbidwe. Ankalembanso amuna a m'deralo odziwa tchire kuti azitsogolera timagulu, zimene zinathandiza kuti eni dera asawaone ngati alendo odzawalanda ntchito.

Masiku ano kuli Veterans Fire Corps, imene imatenga asilikali opuma n'kuwaika m'timagulu ta anthu ochepa. Munthu sayandikira moto asanaphunzire za khalidwe la moto wa m'tchire, kazimitsidwe kake ndi kagwiritsidwe ntchito ka makina odulira mitengo. Ayeneranso kupambana mayeso a mphamvu: kuyenda makilomita 4.8 atanyamula katundu wa makilogalamu 20 m'mphindi 45. Lamulo lawo la Public Lands Corps la mu 1993 limalola achinyamata a zaka 16 mpaka 30, ndi asilikali opuma osapitirira zaka 35. Amene wakwanitsa maola 640 amapatsidwa mwayi wapadera kwa zaka ziwiri pofunsira ntchito m'nthambi za boma zosamala malo. Choncho munthu amadziwa kuti thukuta lake lili ndi kopita.

Naonso anapunthwa, ndipo zolakwa zawo zingatiphunzitse kuposa zabwino zawo. Mu 1937, pa moto wa Blackwater ku Wyoming, mphepo inatembenuka mwadzidzidzi ndipo anthu 15 anafa, ambiri mwa iwo a m'gulu lija la Civilian Conservation Corps. Anadzalanso chomera choyanga chotchedwa kudzu pofuna kuteteza nthaka, ndipo lero chakuta mitengo ndi minda kummwera kwa dzikolo. Ifenso tikulidziwa vutoli: paini wa ku Mexico amene anadzalidwa paphiri la Mulanje anafalikira m'malo a mkungudza, ndipo anthu avutika zaka zambiri kumuchotsa. Gulu la anthu amphamvu lopanda katswiri wolitsogolera lingawononge malo aakulu m'nyengo imodzi.

Nanga kuno gulu lotere lingagwire bwanji? Ife tinganene kuti likhale la anthu 8 mpaka 10: msilikali wopuma mmodzi kapena awiri, mlangizi wa zankhalango mmodzi woyendera magulu angapo, ndipo otsalawo achinyamata a m'midzi yozungulira nkhalangoyo, asungwana ndi anyamata omwe. Msilikali amabweretsa zinthu zimene wachinyamata alibe: kuwerenga mapu, kuyankhula pa wailesi ya m'manja mwachidule, chithandizo choyamba, kuwerenga anthu ndi zipangizo m'mawa ndi madzulo, ndiponso kusanjenjemera zinthu zikavuta. Koma sadziwa kuti mbande ya m'bawa imafuna chiyani. Zimenezo aphunzire limodzi ndi anawo, pabenchi imodzi.

Ntchito yoyamba ndi yolambula njira zotchinga moto, ndipo iyenera kutha udzu usanaumiretu, cha mu Meyi ndi Juni. Njira ikhale yosachepera mamita 5 m'lifupi, ndipo pamene pali tsekera wamtali kapena pamalo otsetsereka ifike mamita 10. Kutchetcha kokha sikukwanira. Pafunika kupala ndi khasu mpaka dothi lioneke, chifukwa moto umakwawa pansi pa masamba ouma ndi zinyalala za paini n'kukatulukira tsidya lina. Udzu wotchetchedwa usaunjikidwe m'mphepete mwa njirayo kumbali ya mitengo. Anthu ambiri amalakwitsa pomwepa, n'kudzipangira okha mulu wa nkhuni pamalo amene amafuna kuteteza. Nthambi zolendewera pamwamba pa njira zisadzidwe. Mu Seputembala gulu libwererenso kukasesa, chifukwa tsamba limakhala litayoyoka n'kutseka malo onse amene analambulidwa.

Kutentha tchire msanga kumathandiza m'nkhalango za miombo, koma n'koopsa kwa osadziwa. Kumachitika udzu ukadali ndi chinyontho pang'ono, m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, mphepo itadekha. Moto uyatsidwe moyang'anizana ndi mphepo kuti uziyenda pang'onopang'ono, ndipo paphiri uyambire kumtunda kutsikira kumunsi. Moto wokwera phiri umathamanga: malo akapendekera ndi madigiri 10, liwiro lake limawirikiza pafupifupi kawiri. N'chifukwa chake munthu sayenera kuima kumtunda kwa moto kapena kulowa m'khwawa limene moto uli kumunsi kwake. Asanayatse kapena kuzimitsa, mtsogoleri aike munthu mmodzi pamalo okwera woti azingoyang'ana, wopanda chida m'manja, ndipo aliyense auzidwe njira ziwiri zothawira ndi malo opulumukirapo, monga pathanthwe kapena palupsa pamene papsa kale. Zovala za nayiloni ndi nsapato za pulasitiki zisaloledwe, chifukwa zimasungunukira pathupi. Moto ukaoneka kuti wazima, zitsa ndi zipika zofuka zikwiriridwe ndi dothi kapena zikokeredwe mkati mwa lupsa. Moto wambiri umene anthu amati wayatsidwa kachiwiri ndi chitsa chimene chinasiyidwa chikunyeka usiku.

Za kudzala tinena mwachidule, popeza alangizi amaziphunzitsa chaka ndi chaka. Nyengo yathu imayamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo, koma mbande yodzalidwa mu Malichi kapena Epulo imapeza mvula ikutha ndipo simazika mizu. Dzalani mu Disembala ndi Januwale. Kutatsala milungu inayi kuti mudzale, chepetsani madzi ndi mthunzi ku nazale kuti mbande zikhwime, ndipo muzisuntha machubu n'kudula mizu yobowola pansi. Dzenje likhale masentimita 30 mbali zonse kapena kuposerapo panthaka youma, dothi la pamwamba libwerere pansi, chubu chichotsedwe, muzu usapindike. Pa mpata wa mamita 3 mbali zonse, hekitala imodzi imalowa mbande 1,111. Pakatha mwezi, bwererani kukapakiza pamene zafa, kenako palirani mozungulira mtengo uliwonse mita imodzi. Ndipo pamene pali zitsa za msuku, mombo ndi tsamba zimene zikuphukira, palibe chifukwa chodzala. Siyani mphukira ziwiri kapena zitatu zamphamvu pachitsa, dulani zinazo, tetezani ku moto ndi mbuzi. Zimakula msanga kuposa mbande chifukwa mizu yake ndi yakalekale.

Pali chinthu chimodzi chimene tikupempha mwamphamvu. Gulu limeneli lisanyamule mfuti, ndipo lisavale makaka a chipani chilichonse. Amalawi sanaiwale m'mene Malawi Young Pioneers, imene inaphunzitsa achinyamata ambiri ulimi ndi luso la manja, inasandukira chida choopsezera anthu mpaka asilikali anailanda zida mu Disembala 1993. Kumanga ootcha makala ndi ocheka matabwa popanda chilolezo ikhale ntchito ya apolisi ndi alonda a Dipatimenti ya Zankhalango, monga lamulo la zankhalango la 1997, limene linakonzedwanso mu 2020, likunenera. Wachinyamata amene masana wathamangitsa amalume ake ndi chibonga sangagone mwamtendere m'mudzimo, ndipo nkhalango imene anthu akwiya nayo imapsa mu Okutobala. Mafumu ndi makomiti a m'midzi oona zachilengedwe akhalepo posankha achinyamatawa, ndipo osaka mbewa ndi ofula njuchi, amene moto wambiri umayambira kwa iwo, ayambe ndiwo kuitanidwa.

Malipiro aziperekedwa mwezi ndi mwezi, osati tsiku la mwambo lokha, ndipo ayesedwe ndi mitengo imene ili moyo pakatha chaka ndi makilomita a njira zolambulidwa, osati chiwerengero cha mbande zimene zatuluka ku nazale. Amene wamaliza nyengo yathunthu apatsidwe satifiketi yomupatsa mwayi wolowa ku sukulu ya zankhalango ya ku Dedza kapena wolembedwa ulonda wa m'nkhalango. Chaka cha boma cha zachuma tsopano chimayamba pa 1 Epulo, choncho Nyumba ya Malamulo ndi Unduna wa Zachuma aonetsetse kuti ndalama za makasu, zikwanje, nsapato ndi malipiro zafika ku maofesi a zankhalango m'maboma mwezi womwewo. Zikafika mu Ogasiti, udzu wa ku Chikangawa umakhala utauma kale.

Ndife,
Alangizi a zankhalango opuma pantchito,
Dedza