Chilengezo: Loweruka tikambirana za ulendo wa ku South Pole

Mamembala nonse,

Pamsonkhano wa Loweruka likudzali tidzakambirana za asilikali ovulala kunkhondo amene anafika ku South Pole, malo a madzi oundana kumapeto kwenikweni kwa dziko lapansi chakummwera, pa 13 Disembala 2013, limodzi ndi Prince Harry wa ku Britain, posonkhetsa ndalama za bungwe lothandiza asilikali ovulala la Walking With The Wounded.

Mmodzi mwa iwo, a Duncan Slater, anadulidwa miyendo yonse iwiri bomba litawaphulikira ku Afghanistan mu 2009. Komabe anaponda madzi oundanawo ndi miyendo yochita kupanga, uku akukoka chileyi cha katundu wawo. Ulendowu unayamba ngati mpikisano wa magulu atatu, koma njira itavuta anausiya mpikisanowo n'kumalizira pamodzi. Ine pamenepa ndi pamene pandigwira mtima.

Amene muli ndi maganizo pa ulendo wathu wapansi wosonkhetsa ndalama, mubwere nawo. Chonde tisunge nthawi.

Mlembi