Bondo likavulala musafulumire kubwerera kothamanga

Akonzi,

Ndatha miyezi inayi osathamanga chifukwa cha bondo, nde ndimafuna ndiwauze anzanga okonda kuthamanga ndi kupalasa njinga m'mapiri kuti kungokhala pansi sikuthandiza ayi, mwendo umangofooka. Ine ndinayambira njinga pamalo osakwera, giya yopepuka, chishalo ndinakweza pang'ono kuti bondo lisamapindike kwambiri, kenako masikwati (kunjuta ndi kudzuka mobwerezabwereza) ochepa olimbitsa ntchafu ndi m'chiuno poti minofu imeneyi ndi imene imagwira bondo. Kuthamanga ndayamba posachedwapa, mphindi imodzi kuthamanga ziwiri kuyenda basi. Zitunda ndikukwera koma kutsetsereka ndikuopabe, pamenepo mpamene bondo limalemedwa zedi. Likatupa m'mawa mwake ndimapuma kaye, koma lanu likamagwedera kapena kukanika kuwongoka chonde kaonaneni ndi a fiziyo, akatswiri azachipatala othandiza ovulala kuti ziwalo ziyambenso kugwira bwino ntchito.

Ine wanu,
Wokonda njinga