Ntchito ya utelala yaima, ndingaitane bwanji makasitomala popanda ndalama?

Alangizi,

Ndine mayi wa ana atatu. Kwathu ndi ku Katete, koma ndimakhala ku Mtendere kuno ku Lusaka, ndipo ntchito yanga ndi ya utelala. Ndimasokera pakhonde la sitolo ya munthu wina, lendi ndimalipira mwezi ndi mwezi, kaya ndasoka kaya sindinasoke. Ndikupempha nzeru za momwe ndingadziwitsire anthu za ntchito yanga m'miyezi imene makasitomala amasowa, koma zikhale nzeru zosalira ndalama, poti ndalamazo ndiye palibe.

Mwina ndiyambe ndi momwe chaka chimayendera kwa ife atelala. Disembala sitipuma, pamakhala maukwati, ma kitchen party ndi zovala za Khirisimasi. Kumayambiriro kwa Januwale timasoka mayunifolomu, ndipo chichotsereni boma fizi m'masukulu ake mu 2022 ana opita kusukulu achuluka, zimene zatithandiza ndithu. Koma sukulu zikangotsegulidwa, pakhonde pamangoti zii. Makolo amakhala atathera ndalama ku nsapato ndi makope, mvula ili mkati, njira za m'komboni zadzaza matope, ndipo ngakhale odutsa amachepa. Pa 8 Malichi, tsiku la amayi, magulu a amayi amasoketsa zitenje zofanana, koma maoda akuluakulu otere amapita kwa atelala odziwika kale kwa anthu a m'maofesi. Kuchoka pamenepo mpaka Julayi ntchito imabwera mwa apo ndi apo. Imadzayambanso kuyenda mu Ogasiti, pamene anzathu opita ku mwambo wa Achewa wa Kulamba ku Mkaika amafuna kukafika kumudzi atavala zatsopano.

Amene ndimawadandaulira amangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndimamva, koma eni khonde sadikira, ana nawonso amafuna kudya tsiku lililonse. Chimene ndili nacho chochuluka m'miyezi imeneyi ndi nthawi, ndipo ndikufuna ndiigwiritse ntchito moyenera.

Mwana wa achemwali anga anandiikira WhatsApp Business pafoni n'kundionetsa poika zithunzi za zovala pamodzi ndi mitengo yake. Ndimaikanso zithunzi pa status. Vuto ndi loti status imaonedwa ndi okhawo amene tinasungirana manambala, ndipo pakatha maola 24 imachoka. Choncho oonawo ndi omwewo tsiku ndi tsiku, abale ndi anzanga a kumpingo. Amayamikira kuti zakongola, basi zathera pomwepo. M'magulu ogulitsirana malonda a pa Facebook chithunzi changa chimakwiririka msanga ndi za ena, ndipo amene wachiona amafunsa kuti "zingati?" kenako osabweranso. Mwana wa achemwali uja akuti ndilipire kuti Facebook izionetsa zithunzi zanga kwa anthu ambiri, koma ine ngakhale bandulo imene ndimagula ndimaiwerengera. Anandiuzanso kuti malo anga angalembedwe pa Google Maps kwaulere. Kodi zimenezi zingathandize telala wa pakhonde, amene makasitomala ake amabwera wapansi kuchokera m'nyumba zapafupi?

Nkhani ya mtengo imandivuta kwambiri. Ndikaulemba poyera, munthu amauyerekeza ndi diresi losokasoka la m'masitolo a ku Kamwala kapena la salaula (zovala zovalidwapo kale) la kumsika wa Soweto, osaganizira kuti ine ndamuyeza thupi, ndagula ulusi, zipi ndi nsalu yamkati, ndasitanso. Ndikapanda kuulemba, ena amaganiza kuti ndine wodula ndipo safunsa n'komwe. Inu mukuona kuti chabwino n'chiti?

Koma chimene chandilembetsa kalatayi makamaka ndi ichi. Anthu amene angandipatse ntchito yeniyeni ndimawadziwa, ndipo ndimakhala nawo sabata iliyonse. Ndi amayi a chigwirizano kumpingo kwathu, ndiponso amayi amene timachita nawo chilimba, kusonkherana ndalama n'kumalandira mosinthana. Iwowa ndi amene ana awo akukwatiwa, ndi amene amasankha chitenje cha gulu pakakhala mwambo, ndi amenenso amafunsidwa ndi anzawo kuti telala wabwino ali kuti. Ambiri amadziwa kuti ndimasoka, komabe amakasoketsa kutali, mwina chifukwa anazolowera, mwina chifukwa sanaonepo bwinobwino ntchito ya manja anga. Bambo a kunyumba amandiletsa kutchula za malonda kumpingo. Akuti kumeneko timapitira kupemphera, ndipo anthu akayamba kundiona ngati wofuna ndalama zawo ulemu wanga utha. Mawu awo ndimawalemekeza, ndipo inenso sindifuna kuti mayi mnzanga azindizemba poopa kuti ndimuuza za diresi. Komanso zimandipweteka kuona chitenje cha gulu lathu lomwe chikupita kwa telala wa ku Chilenje ine ndili pomwepo, makina ali chikhalire. Pakali pano ndimangovala zimene ndasoka ndekha Lamulungu, n'kumayembekeza kuti wina afunsa. Kodi pali njira yaulemu yonenera kuti "amayi, ntchito imeneyi ndingaigwire" popanda kuchititsa manyazi banja langa kapena kusandutsa mpingo msika?

Palinso mnzanga wogulitsa salaula pamsika wa kuno ku Mtendere. Makasitomala ake ambiri amapeza chovala chimene achikonda koma chawakulira, kapena zipi yake ndi yakufa, makamaka majekete ndi majuzi a nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi. Iye akuti aziwatumiza kwa ine kuti ndizichepetsa ndi kukonza, ine ndizimupatsako kangachepe pa munthu aliyense. Maganizo amenewa ndawakonda, chifukwa nyengo imene iye amagulitsa kwambiri majekete ndi yomwe ine ndimakhala chimanjamanja, ndipo munthu amene wabwera kudzachepetsa thalauza lero akhoza kudzasoketsa suti mawa. Mantha anga ndi oti ndalama yochepetsera chovala ndi yochepa kale, tikagawana sindidziwa ngati patsala kanthu. Ndaonanso maubwenzi ambiri akutha chifukwa cha timakwacha tosawerengeka bwino. Tingapangane motani kuti aliyense akhutire? Kodi n'koyenera kulemberana papepala ngakhale ndife mabwenzi, kapena ndingomusokera chovala chake nthawi ndi nthawi m'malo mwa ndalama? Mayi wina wa saluni pafupi nane wavomeranso kuti ndipachike diresi limodzi m'saluni mwake, poti akwati amayambira kwa iye.

Ena akundilimbikitsa kuti ndisokere kwaulere mayi wina wodziwika amene amatsogolera ma kitchen party, kuti anthu akaona afunse amene wasoka. Ena akuti nditsitse mtengo kapena ndizisoka pangongole mpaka zinthu zisinthe. Zangongole ndikukana, chifukwa mpamba wa telala ndi wochepa ndipo ukalowa m'manja mwa anthu subwerera msanga. Kutsitsa mtengo ndikuopa kuti pofika Disembala anthu adzakana kubwerera ku mtengo weniweni. Zosoka kwaulerezo ndiye ndili pakati, chifukwa nsalu ndi ulusi ndigula ndine, pamene palibe chitsimikizo choti mayiyo akanditchula.

Ndifunsenso za zithunzi. Diresi likakhala pa hang'ala silioneka kukongola kwake ngati lili pathupi la mwini wake, koma amayi ambiri safuna kuti nkhope zawo zizioneka pafoni za anthu, ena amuna awo salola. Sindiika chithunzi cha munthu asanavomere. Ndingawapemphe bwanji kuti asaone ngati ndikuwagwiritsa ntchito?

Sindingathe kuchita zonsezi nthawi imodzi, Alangizi, poti ndimasoka ndekha ndiponso ndimasamala pakhomo. Chonde mundisankhire ziwiri kapena zitatu zimene mukuona kuti ndiyambe nazo, ndipo mundiuze mawu amene ndingalankhule kwa atsogoleri a chigwirizano, kuti ndikakambirane kaye ndi bambo a kunyumba amayi asanasankhe telala wa chitenje cha pa 8 Malichi.

Ine wanu,
Mayi telala, Mtendere, Lusaka