Kalata yochokera ku Manchester

Mnzanga wapamtima,

Kalata yako yandipeza tikuphikira alendo a ukwati, ndiye ndayiwerengera m'basi usiku. Zoti wanenepa mpaka yunifolomu ikukana, alamu ako anandiuza kale. Chambo cha alendo ku Mangochiko ukumachilawa mopitiriza muyeso, iwe!

Tsono za pempho lako loti ndikupezere malo kuno. Ndisakunamize aise, khomo lomwe ndinalowera ine analitseka. Mu 2023 hotelo inkafunika kulipira wophika wochokera kunja mapaundi 26,200 pachaka kuti viza ituluke. Mu April 2024 boma linakweza kufika pa 38,700. Ndi mahotelo angati angapereke zimenezo kwa munthu wa m'khitchini? Luso lomwe tinalikhetsera thukuta ku Malawi Institute of Tourism amaliona ndithu ukagwira mpeni, koma a zolowa ndi kutuluka sayang'ana zimenezo. Ndipo awo akukulonjeza pa WhatsApp kuti ukatumiza ndalama akupezera mapepala a ntchito, usawapatse ngakhale tambala. Suja unaona mmene mlamu wa abusa anagulitsira puloti pachabe?

Chomwe chikundidya ine ndi masiku 60. Viza yanga inamangiriridwa pa hotelo inoyi. Ntchito ikatha lero, amakupatsa masiku amenewo kuti upeze bwana wina wololedwa kulemba ntchito anthu ochokera kunja, apo ayi uzipita. Sabata yatha mlendo anabweza mbale ya nsomba, ati mchere wachuluka. Mkulu wa khitchini sananene kanthu, anangondiyang'ana. Usiku umenewo sindinaone tulo. Mbale imodzi ija inasanduka fizi ya mwana wanga, malata a nyumba ya amayi ku Balaka, mankhwala a shuga a bambo, zonse zili m'maso mwanga mpaka mbandakucha. Mpaka pano dzanja limanjenjemera ndikamathira mchere.

Paja anandikweza, ndikuyang'anira mbali ya nsomba tsopano. Koma manja ang'ambikang'ambika ndi madzi otentha, mdima ukumagwa 4 koloko isanakwane, ndipo ufa wa m'mashopu muno nsima yake siikoma ngati ya ufa woyera wa kwathu. Ukamva za munthu wobwera kuno, umupatsire usipa, ngakhale wodzaza chikhatho.

Achemwali ako uwauze kuti sindinaiwale za foni ija. Ndimafunanso ndikufunse za maliro a agogo, ngati anthu ananena chilichonse poona kuti ine sindinabwere, chifukwa mumtimamu... maso akulemera, mawa ndilawirira 5 koloko kukakonza chakudya cham'mawa.

Ndine mnzako wa kale lomwe.