Soda ndi girayinda zikutha masipika akale

Akonzi,

Tiloleni tilankhuleko ndi makomiti a mipingo ndi mizikiti kuno ku Harare, makamaka ku Mbare, Highfield ndi Mufakose, kumene mabokosi a masipika ndi malipenga okuzira mawu akalekale akadali pa ntchito. Penti ikasuwa, ambiri amangopatsa mnyamata soda wopangira sopo ndi girayinda kuti ayeretse. Chida chimene chapirira zaka 40 chimafa tsiku lomwelo.

Musanagwire penti, tulutsani zonse zam'kati: sipika, crossover (kachipangizo kogawa mawu kupita ku masipika) ndi driver wa lipenga (kachipangizo kotulutsa mawu komangidwa kumbuyo kwake). Mangani katepi pa waya wa +, chifukwa mukasinthanitsa pobwezera, masipika awiri amalimbana ndipo besi imazilala. Zimenezi zisungidwe m'chipinda china. Maginito a sipika amakoka tizitsulo toyoyoka pa steel wool (tiwaya tokwechera) n'kutilowetsa mu mpata wa koyilo, mawu n'kusasa mpaka kalekale.

Lipenga ndiye lofuna nzeru. Likhudzeni ndi maginito kaye. Akamatirira, n'lachitsulo: palani dzimbiri, pakani red oxide (penti yoyamba yoteteza dzimbiri), basi. Akakana, ndiye kuti n'la aluminiyamu kapena fibreglass, ndipo soda asayandikire n'komwe. Soda amadya aluminiyamu n'kusiya timaenje, komanso amatulutsa mpweya wa hydrogen womwe suchedwa kuyaka. Pa aluminiyamu pakani mankhwala ochotsera penti opanda soda, dikirani mphindi 15 kapena 20 kuti penti itukusire, palani ndi kathabwa kapena pulasitiki, pukutani ndi thinala, kenako sandipepa wa 320. Tsiku lomwelo poperani etch primer, penti yoyamba yogwira bwino pa aluminiyamu. Mukaidumpha, penti imaoneka bwino poyamba koma imadzasendeka ngati khungu la njoka. Fibreglass safuna mankhwala alionse chifukwa amafewetsa utomoni wake. Mungomukwecha ndi sandipepa wonyowa.

Amene ali ndi malipenga a kampani ya Altec a timapaipi tambiri aja asamale kwambiri. Ambiri ndi a malata olumikiza ndi solder, ndipo m'mipata mwake anathiramo phula kuti chitsulo chisamalire chokha ngati belu. Moto kapena heat gun zimasungunula zonse ziwiri, thinala nayenso amasungunula phula. Pamazinga pomangira driver kutani ndi tepi, ndipo kukhosi kwa lipenga kungofika kautsi chabe ka penti. Tikudziwa kuti ena amakonda kulinyika lonse kuti liwale, koma penti yochindikala pamenepo imachepetsa njira ya mawu.

Bokosi nalo muliyang'ane m'mphepete. Ngati n'la chipboard (thabwa la tizidutswa tomatidwa ndi guluu), madzi asakhudze: limatupa ndipo silibwereranso. Ngati lili ndi veneer, dziwani kuti kathabwa kapamwambako nthawi zambiri sikakwana milimita imodzi, moti girayinda amakaboola pa kamphindi. Kwechani ndi manja motsata mizere ya thabwa, kuyamba ndi sandipepa wa 180, kumaliza ndi wa 240. Makona ogumuka limbitsani ndi guluu wa matabwa musanathire filler wotsekera maenje. Penti yakale kwambiri ikhoza kukhala ndi mtovu, choncho gwirirani ntchito panja, mutavala chotchinga pamphuno, ana ali kutali. Ngati bokosilo ankalipukuta ndi polishi wopopera, litsukeni bwino ndi thinala, apo ayi penti yatsopano imachita timaso.

Kaya mwagula m'sitolo kaya ku msika wa Siyaso, funsani mtundu wa penti. Ya cellulose ikapita pamwamba pa enamel imaichititsa makwinya, ndiye yesani kaye kunsi kwa bokosi. Poperani mopyapyala katatu, muli pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 25, mukusiya mphindi 15 pakati. Chinyontho cha dzinja chimayeretsa lacquer (penti yowalitsa) ngati mkaka, kuzizira kwa June ndi July kumachedwetsa kuuma, mphepo ya August imabweretsa fumbi, ndipo dzuwa la masana mu October limaumitsa penti isanafike pa thabwa. M'mawa wa tsiku louma, pamthunzi, ndiye pabwino.

Kambale ka dzina la kampani musakapente. Kachotseni n'kukabwezera pamapeto. Enamel ipatseni sabata yathunthu kuti ilimbe, ikani gasiketi watsopano kuti mpweya usamapulumuke m'mbali, kenako mangani masikuluwu modumphadumpha, osati motsatana.

Amisiri okonza zokuzira mawu,
Mbare, Harare