Dandaulo pa bwato la packraft lomwe lamba wake anamatuka pakati pa mtsinje

Kwa Woyang'anira Ofesi Yoona za Makasitomala,

Bwana,

Ndikulemba pa nkhani ya bwato lopopa la packraft lomwe ndinagula kwa inu, komanso pa yankho lomwe ofesi yanu inanditumizira pa imelo nditadandaula koyamba. Risiti ndi zithunzi ndazitumizanso pamodzi ndi kalata ino. Mukuti bwatolo ndinaliwononga ndekha poligunditsa pamiyala, choncho waranti yanu sikugwira ntchito. Zimenezo ndikuzikana, ndipo ndikukayika ngati amene anandiyankhayo anaziyang'ana n'komwe zithunzi zija.

Potsatsa malonda munalemba kuti bwatoli ndi la madzi othamanga mpaka gulu lachitatu. Pa muyeso wa kuvuta kwa mitsinje, womwe umayambira pa 1 kulekeza pa 6, gulu lachitatu ndi la mafunde obwera mosadziwika bwino ndi tinjira topanikiza pakati pa miyala, pofunika kukhota msanga. N'chifukwa chake bwato la madzi otere limakhala ndi malamba a m'ntchafu. Packraft ndi yopepuka, makilogalamu atatu kapena anayi basi, ndipo imayandama pamwamba penipeni pa madzi. Wopalasa amaipendeketsa ndi mawondo kuti madzi adutse pansi pake m'malo moikankha cham'mbali. Malambawo akapanda kugwira, munthu amasanduka katundu wongoikidwa m'bwato.

Tsiku lomwe lamba anamatukalo mtsinje sunali wodzaza. Ndinapopa bwato ndi thumba lake lopopera lija, kuwonjezera ndi pakamwa, kuliika m'madzi kuti mpweya uzizire, kenaka kuwonjezeranso mpaka litalimba, monga kabuku kanu kakunenera. Ndinali nditaima kuseri kwa mwala waukulu, pomwe madzi amabwerera m'mbuyo, ndipo polowa m'madzi othamangawo ndinakweza bondo la kumtunda kwa mtsinje monga timachitira tonse. Ndinangomva bondolo lamasuka. Kachigamba kogwira mphete ya lamba kanali katamatuka, madzi n'kugwira mbali ya kumtundayo, bwato n'kutembenuzika. Ndinatsetsereka chagada, miyendo ili kutsogolo, nkhafi ili m'manja, mpaka mnzanga atandiponyera chingwe. Chisoti changa chili ndi chipsera cha mwala mpaka lero.

Tsono tiyeni tione za miyala mukunenazo. Kachigamba kameneka kamakhala mkati mwa bwato, chakumtunda kwa chubu, pomwe pamatsamira mwendo. Mwala ungafike bwanji pamenepo osayamba waswa bondo langa? Nsalu ya chubuyo sinang'ambike ngakhale pang'ono. Kachigambako kanachoka kathunthu, kosalala, guluu wouma ali mbali imodzi yokha, ndipo akuchoka ukamakanda ndi chikhadabo. Inu amene mumapanga mabwatowa mukudziwa kuposa ine kuti pansalu ya nayiloni yokutidwa ndi pulasitiki wa TPU, pomata pakagwira bwino, chinthucho chikamachoka chimasenda ndi chokutiracho n'kusiya ulusi poyera. Apa chokutira chili bwinobwino, chikunyezimira. Guluuyo sanagwire chiyambire. Kachigamba ka mbali inayo nako kayamba kutukuka m'mphepete, chikhadabo chikulowa, pomwe sikanakokedwe mwamphamvu tsiku limenelo.

Zokandika zomwe munazungulira ndi mzere wofiira pachithunzi changa zili pansi pa bwato. Ee, zilipodi. Pansipo mumaikapo nsalu yochindikala kuposa ya chubu chifukwa mumadziwa kuti pamakhula pamiyala, ndipo bwato la madzi othamanga lopanda zokandika pansi ndi lomwe silinatuluke m'thumba. Ndinalipopa kunyumba n'kulipaka thovu la sopo m'misoko yonse, pa valavu ndi pansi pomwepo, ndipo palibe pomwe panatuluka mpweya. Zokandikazo sizikukhudzana ndi lamba.

Chomwe chinandikhumudwitsa koposa ndi malangizo anu akuti ndingomata ndekha ndi tepi ya m'kathumba kokonzera. Tepi imeneyo ndi yotsekera kabowo munthu ali m'mbali mwa mtsinje kuti akafike komwe akupita. Singanyamule mphamvu ya mwendo wa munthu wamkulu akulimbana ndi funde. Wina wongoyamba kumene kupalasa akanamvera zimenezo n'kubwerera kumadzi, ndipo si onse amene amakhala ndi mnzawo wodikira ndi chingwe kumunsi.

Pempho langa ndi lakuti mundipatse bwato lina lomwe malamba ake ayesedwa, kapena mundibwezere ndalama zanga zonse. Kungolimatanso lomweli ndakana, poti sindikudziwa kuti ndi pati pena pomwe guluu yemweyo anagwiritsidwa ntchito. Ndine wokonzeka kulitumiza kwa inu kuti amisiri anu aliunike, koma mtengo wotumizira ukhale wanu. Ndikupemphanso kuti muone mabwato ena omwe anapangidwa nthawi imodzi ndi langali, ndipo mukapeza vuto lomweli muwadziwitse amene anagula. Nambala ya bwatoli ikuoneka pachithunzi chomaliza.

Ndidikira yankho lolembedwa pasanathe masiku 14 kuchokera tsiku lomwe mulandire kalatayi. Likapanda kubwera, nkhaniyi ndikaitula ku bungwe loteteza ogula pamodzi ndi zithunzi ndi imelo yanu ija.

Ine kasitomala wanu wodandaula.